Feteleza ndi mpweya wakupha: kuyeza munthu ndi zimene wasiya pa dziko

Pa maliro a kwathu kuno, ikafika nthawi yowerenga mbiri ya malemu, woyankhula amayamba ndi chaka chobadwa, kenako sukulu, ntchito ndi ukwati, n'kumalizira ndi chiwerengero cha ana ndi zidzukulu. Akakhala munthu wodziwika, pamawonjezeredwa tchalitchi chimene anathandiza kumanga, mjigo umene anakumbitsa, ndi ana amasiye amene ankawalipirira fizi. Khamu limavomereza chamumtima, chifukwa ambirife tinakula tikudziwa kuti mtengo umadziwika ndi zipatso zake, ndipo kuti munthu wabwino ndi amene dziko lapindula naye. Muyeso umenewu suvuta ukamagwiritsidwa ntchito pa mphunzitsi wa kumudzi kapena mzamba amene anachiritsa amayi a dera lonse. Umayamba kugwedezeka ukakumana ndi munthu ngati Fritz Haber, katswiri wa sayansi ya mankhwala wa ku Germany, amene anabadwa mu 1868 n'kumwalira mu 1934.

Dzinali ndi lachilendo kwa alimi ambiri, komabe ntchito ya mwini wake ili m'thumba lililonse la feteleza wobereketsa limene limadutsa pa doko la Beira kapena Nacala kubwera m'minda yathu. Yureya amapangidwa kuchokera ku amoniya, ndipo pafupifupi amoniya yense wa m'mafakitale a dziko lapansi amapangidwa mwa njira imene Haber anatulukira. Mikangano yonse ya makuponi imene yakhala ikutentha kuyambira pamene boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo mu 2005 ndi mikangano yolimbirana chinthu chimene chinayambira m'chipinda cha munthu ameneyu. Munthu yemweyo ndiye anatsogolera asilikali a Germany potsegula mpweya wapoizoni pa adani awo m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Kuti tione kukula kwa zimene anachita, tiyenera kubwerera ku vuto limene linkasowetsa tulo mayiko a ku Ulaya kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mbewu iliyonse imafuna nayitirojeni kuti ikule, ndipo ngakhale kuti magawo 78 pa 100 aliwonse a mpweya umene timapuma ndi nayitirojeni, chimanga ndi tirigu sizingathe kumutenga mumpweyamo. Alimi ankadalira manyowa, mbewu za mtundu wa nyemba, zitosi za mbalame zimene zinkakumbidwa pa zilumba za ku Peru, ndi mchere wina wa m'chipululu cha Atacama umene Chile inamenyanirana ndi Peru ndi Bolivia m'nkhondo imene inayamba mu 1879. Mu 1898, wasayansi wa ku Britain, William Crookes, anachenjeza poyera kuti anthu akuchulukana mofulumira kuposa tirigu, ndipo kuti njala idzafika ngati akatswiri sapeza njira yokolera nayitirojeni wa mumpweya.

Mu Julayi 1909, ku Karlsruhe, Haber ndi womuthandiza wake wa ku Britain, Robert Le Rossignol, anaonetsa kachipangizo kamene kankaphatikiza nayitirojeni ndi hayidirojeni powapanikiza kwambiri pa kutentha koopsa, mpaka amoniya anayamba kudontha. Kampani ya BASF inapereka ntchito yokulitsa njirayi kwa Carl Bosch, ndipo mu 1913 fakitale yoyamba inayamba kugwira ntchito ku Oppau. Mu 1900 pa dziko panali anthu pafupifupi biliyoni 1.6, ndipo mu 2022 chiwerengerochi chinafika mabiliyoni 8. Akatswiri amene awerengetsa nkhaniyi, kuphatikizapo Vaclav Smil, amati anthu oyambira magawo 40 pa 100 mpaka pafupifupi theka la onse amene ali moyo lero amadya chakudya chimene sichikanakololedwa popanda feteleza wotereyu. Ndi anthu ochepa kwambiri m'mbiri amene ntchito yawo ingaikidwe pambali pa imeneyi.

Nkhondo itayamba mu 1914, amoniya yemweyo anapeza ntchito ina. Zombo za Britain zinatseka njira ya mchere wa ku Chile, umene unalinso chopangira onga ndi mabomba, ndipo Germany ikanasowa zipolopolo posakhalitsa pakanapanda mafakitale osandutsa amoniya kukhala zophulika. Pamenepa pokha wina angathe kunena kuti Haber analibe mlandu waukulu, poti wosula khasu sayankha mlandu wa amene watemera nalo mnzake. Zimene zinatsatira ndi zosiyana. Haber, amene panthawiyo ankatsogolera likulu la kafukufuku la Kaiser Wilhelm ku Berlin, anapita yekha kwa akuluakulu a asilikali ndi maganizo ogwiritsa ntchito mpweya wa kolorini, anasonkhanitsa asayansi anzake, ndipo anakayang'anira ntchitoyo kubwalo la nkhondo. Madzulo a pa 22 Epulo 1915, pafupi ndi tawuni ya Ypres ku Belgium, mphepo itawomba momwe ankafunira, asilikali anatsegula mitsuko yachitsulo yoposa 5,000, ndipo matani oposa 150 a mpweya wobiriwira motuwa anayenderera kulowa m'ngalande zimene munabisala asilikali a France, ambiri mwa iwo ochokera ku Algeria. Kolorini akalowa m'mapapo amawotcha, mapapowo n'kudzaza madzi, munthu n'kumira ali pamtunda. Mbali zonse ziwiri zinatengera chitsanzochi, ndipo pofika 1918 mpweya wapoizoni unali utapha anthu pafupifupi 90,000 ndi kuvulaza oposa miliyoni imodzi.

Patangopita masiku khumi, usiku wa pa 1 kulowa pa 2 Meyi, mkazi wake Clara Immerwahr anadziwombera ndi mfuti ya mwamuna wake m'munda wa panyumba pawo, ndipo mwana wawo wa zaka 12 ndiye anamupeza. Clara anali mkazi woyamba kulandira digiri ya udokotala wa sayansi ya mankhwala pa yunivesite ya Breslau, mu 1900, koma ukwati unamutsekera m'nyumba, ndipo makalata ake amaonetsa munthu amene ankaona kuti moyo wake wamezedwa ndi ntchito ya mwamuna wake. Olemba mbiri amasiyana maganizo pa chimene chinamufikitsa pamenepo, ena akuloza ku mpweya wa ku Ypres, ena ku mavuto a m'banja ndi imfa za anzake apamtima. Chimene onse amagwirizana n'chakuti Haber sanakhale pa maliro monga mwamuna woferedwa amakhalira, chifukwa ananyamuka nthawi yomweyo kupita kum'mawa kukakonzekera kutsegula mpweya pa asilikali a Russia.

Mu 1919 analengezedwa kuti ndiye wapambana mphoto ya Nobel ya chaka cha 1918 chifukwa cha amoniya, ndipo asayansi ambiri a ku France ndi Britain anakwiya nazo. Zaka zotsatira anazithera, mwa zina, poyesa kusefa golide m'madzi a m'nyanja kuti dziko lake, limene linagonja, lilipire chindapusa cha nkhondo, koma golideyo anapezeka kuti ndi wochepetsetsa. Kafukufuku wa mankhwala ophera tizilombo m'nkhokwe za tirigu, amene iye anathandiza kukhazikitsa, ndiye anabala mankhwala otchedwa Zyklon B, amene chipani cha Nazi chinadzagwiritsa ntchito kupha Ayuda ku Auschwitz ndi m'misasa ina yopherako anthu iye atamwalira kale, ndipo ena mwa abale ake anafera m'misasa imeneyo. Haber anabadwa Myuda n'kulowa Chikhristu ali mnyamata, ndipo moyo wake wonse ankafunitsitsa kuti a Germany amulandire ngati mnzawo weniweni. Mu 1933, Adolf Hitler atalamula kuti Ayuda achotsedwe ntchito za boma, iye anatula pansi udindo wake, ngakhale kuti lamulolo linkamulola kukhalabe chifukwa cha ntchito yake ya kunkhondo, ndipo m'kalata yake ananena kuti kwa zaka zonse ankasankha anthu ogwira nawo ntchito poona luso ndi khalidwe lawo, osati mtundu.

Tsono munthu wotere tim'tche chiyani? Pali gulu la oganiza mozama limene yankho lake ndi lachindunji. Jeremy Bentham, amene anamwalira mu 1832, ndi John Stuart Mill pambuyo pake, ankaphunzitsa kuti chochita chilichonse chiyenera kuweruzidwa ndi zotsatira zake, poyerekeza chimwemwe chimene chabweretsa ndi kuvutika kumene chayambitsa, ndipo munthu aliyense awerengedwe mofanana ndi mnzake. Maganizo amenewa sayenera kupeputsidwa, makamaka ndi ife amene tikudziwa kuti mtima wabwino wokha sudzaza nkhokwe. Mwana amene sanatupe ndi njala chifukwa munda wa makolo ake unabereka alibe nazo ntchito zoti amene anatulukira fetelezayo anali wodzikonda kapena ayi. Tikaika mabiliyoni a anthu odya mbali imodzi ya sikelo, mbali ina n'kuika anthu 90,000, ngakhale titawonjezerapo onse amene anafa chifukwa nkhondo inatalika, sikeloyo igwera kumodzi, ndipo Haber atuluka ali mmodzi mwa anthu abwino koposa amene anakhalako.

Ambiri akamva chigamulo chimenechi amaona kuti china chake chalakwika, ngakhale asanathe kuchitchula. Vuto loyamba ndi la mwini wake wa zipatsozo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la amoniya linasenzedwa ndi anthu ambiri: Le Rossignol amene anapanga zipangizo, Bosch amene anapeza zitsulo zotha kupirira kupanikizako n'kudzalandira Nobel yakeyake mu 1931, Alwin Mittasch amene anayesa zosakaniza masauzande mpaka anapeza yotsika mtengo yochokera ku chitsulo, komanso oweta mbewu ngati Norman Borlaug amene anadzatulutsa tirigu wotha kugwiritsa ntchito feteleza wambiri osagwa. Asayansi ena otchuka monga Wilhelm Ostwald, Walther Nernst ndi Henry Le Chatelier ankasakanso njira yomweyo m'zaka zomwezo, moti n'zomveka kuganiza kuti Haber akanapanda kubadwa, wina akanafika pamenepo patapita zaka zingapo. Tikamupatsa yekha miyoyo mabiliyoni, ndiye kuti tikuwerengera munthu mmodzi zokolola za mudzi wonse. Ku Ypres nako sanali yekha, koma kumeneko dzanja lake likuoneka bwino kwambiri, chifukwa anachita kukakamira pa chinthu chimene akuluakulu ena a asilikali ankanyansidwa nacho.

Vuto lachiwiri ndi mwayi. Mu 1976, oganiza mozama awiri, Bernard Williams ndi Thomas Nagel, anakambirana za chinthu chimene tonse timachita osazindikira, chomwe ndi kuweruza anthu pa zimene sizinali m'manja mwawo. Madalaivala awiri a minibasi angathe kuthamanga mofanana ndi mabuleki akutha mofanana, koma mmodzi n'kufika bwino pa depoti, winayo n'kukumana ndi mwana akuwoloka msewu. Woyambayo timamuiwala, wachiwiriyo timamutcha wakupha, chonsecho kusasamala kwawo kunali kumodzi. Zotsatira za ntchito ya munthu zimapitirira kuyenda iye atagona m'manda, ndipo zimasintha nkhope. Feteleza amene anathetsa njala ndi yemweyo amene akukokoloka m'minda ya ku America n'kupha nsomba pamene mtsinje wa Mississippi umathirira m'nyanja, ndipo mafakitale ake amadya gawo limodzi kapena awiri pa 100 a mphamvu zonse zimene dziko limagwiritsa ntchito. Ngati ubwino wa Haber umadalira kuwerengera kumeneku, ndiye kuti ukusinthabe chaka ndi chaka, mwini wake atafa kalekale, zimene n'zovuta kuzivomereza.

Nkhani ya Thomas Midgley wa ku America ikuthandiza kusiyanitsa bwino zinthu pamenepa. Iye ndiye anatulukira zothira mtovu m'petulo mu 1921, ndipo patapita zaka zingapo anatsogolera popanga mpweya wa m'mafiriji umene unadzaboola chophimba cha ozoni kumwamba. Kuipa kwa mpweya wa m'mafirijiwo kunadziwika mu 1974, iye atamwalira zaka 30 m'mbuyomo, ndipo panthawi yake mpweyawo unalowa m'malo mwa ina imene inkapha anthu ikatayika m'nyumba. Za mtovu ankazidziwa, chifukwa iye mwini anadwalapo nawo, ndipo mu 1924, antchito atafa pa fakitale ina ku New Jersey, anaimirira pamaso pa atolankhani n'kusamba mankhwalawo m'manja pofuna kuonetsa kuti ndi osaopsa. Zinthu ziwirizi zinawononga dziko kwambiri, koma chimodzi chokha ndicho chikutiuza za mtima wa Midgley, ndipo chosiyanitsa ndi zimene ankadziwa pamene ankasankha.

Apa m'pamene ena amathawira kwa woganiza mozama wa ku Germany, Immanuel Kant, amene mu 1785 analemba kuti chinthu chokhacho chimene chili chabwino popanda chosiyapo ndi kufuna kwabwino kwa munthu, ngakhale kufunako kutalephera kubala kanthu, ndiponso kuti munthu sayenera kugwiritsidwa ntchito ngati chipangizo chabe chopezera zolinga za wina. Mbali yachiwiriyi imamugwira Haber pakhosi. Yoyambayo payokha ili ndi pobisalira pambiri, chifukwa palibe amene amaona za mumtima mwa mnzake, ndipo pafupifupi aliyense wochita zoipa amadziuza kuti cholinga chake n'chabwino. Otto Hahn, mmodzi mwa asayansi amene Haber anawalemba m'gulu lake, anadzafotokoza kuti atadandaula kuti mpweyawo ukuphwanya mapangano a ku Hague oletsa zida zapoizoni, Haber anamuyankha kuti a France ndiwo anayamba, ndiponso kuti chida chimenechi chidzafupikitsa nkhondo n'kupulumutsa miyoyo yambiri. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuiganizira mofatsa, chifukwa ikuonetsa kuti Haber nayenso ankayeza zochita zake ndi zotsatira. Anaika anthu ofa ndi mpweya mbali imodzi, anthu amene ankaganiza kuti apulumuka mbali ina, ndipo sikelo yake inamuuza kuti atsegule mitsuko. Nkhondoyo inapitirira zaka zina zitatu ndi theka.

Kuopsa kwa muyeso wa zotsatira kumakula kwambiri munthu akautembenuzira kwa iye mwini, chifukwa zoipa zimene akuchita lero n'zenizeni pamene zabwino zimene akulonjeza zili m'tsogolo, ndipo iye yekha ndiye akugwira cholembera. Masiku athu ano taona zofanana pa Sam Bankman-Fried wa ku America, mwini wa kampani ya ndalama za pa intaneti ya FTX, amene ankalengeza kuti akufuna kulemera kwambiri kuti adzapereke chumacho ku ntchito zothandiza anthu ochuluka koposa. Mu 2023 khoti linamupeza wolakwa pa kuba ndalama za makasitomala ake, ndipo mu 2024 analamulidwa kukakhala m'ndende zaka 25. Anthu amene ankayenera kudzathandizidwa ndi ena, amene anaberedwa ndi enanso, ndipo ngongole ya kwa uyu siibwezedwa popatsa mphatso uyo. Chimodzimodzinso msilikali wa ku Algeria amene anatsamwa ku Ypres sanafunsidwe ngati akulola kuti imfa yake ichotsedwe pa zokolola za ku India.

Chilankhulo chathu chili ndi njira yakeyake yogamulira nkhaniyi. Munthu wankhanza timati si munthu, ngakhale ali ndi galimoto zisanu ndipo anamangira mudzi sukulu, pamene mayi wosauka amene sabweza mlendo ndi njala timati uyu ndiye munthu. Umunthu umayezedwa poona mmene wina amakhalira ndi amene ali naye pafupi, pa matenda, pa maliro, pa mlandu, ndipo uli ndi chilungamo chimene muyeso wa zotsatira ulibe, chifukwa sufunsa kukula kwa bwalo limene munthu anapatsidwa. Agogo amene analera zidzukulu zisanu ndi ziwiri makolo awo atatha ndi Edzi sadzasintha chiwerengero cha anthu a dziko lapansi, popeza sanabadwire pafupi ndi yunivesite ya Karlsruhe ndipo panalibe kampani yowathira ndalama. Muyeso umene umawaika pansi pa Haber ukuyeza mpata umene anthu awiriwa anali nawo. Komabe tisadzinamize kuti umunthu wa pamaso ndi pamaso ukukwanira pa zonse. Mkulu wa mu ofesi angathe kukhala woyamba kufika pa maliro alionse a kwawo, wopatsa ndi waulemu, kwinaku akusayina mapepala amene akusowetsa mankhwala m'zipatala za anthu amene sadzawaona. Pa anthu amene dzanja lawo limafika kutali, zotsatira ziyenera kulowa m'mlandu, makamaka zimene akanatha kuziona akanafuna kuyang'ana.

Kwa ine, chovuta kwambiri pa Haber n'chakuti sitikuona anthu awiri, wabwino wa 1909 ndi woipa wa 1915. Tikuona munthu mmodzi amene sanasinthe: wanzeru zakuya, wolimbikira mopanda kupuma, waludzu la ulemu, ndi wodzipereka kotheratu ku dziko lake. Amadziwika ndi mawu akuti wasayansi ndi wa anthu onse pa nthawi ya mtendere, koma ndi wa dziko lake pa nthawi ya nkhondo, ndipo anachitadi monga mwa mawuwo. Germany itafuna feteleza anaipatsa feteleza, itafuna poizoni anaipatsa poizoni, itafuna golide anapita kukamusaka m'nyanja. Kusiyana kwakukulu kwa zipatso zake kunachokera ku zimene nthawi inamupempha. Choncho zipatsozo zikutiuza zambiri za kufunika kwa ntchitoyo, ndipo tingathe kuyamika fetelezayo ndi mtima wonse, koma za munthuyo tikuziphunzira pa nthawi zochepa zimene ankadziwa bwino chimene chili patsogolo pake ndipo akanatha kukana. Pa 22 Epulo 1915 sanakane, m'mawa wa pa 2 Meyi sanatsale pakhomo, ndipo mu 1933, pamene chitsulo chinali chitayamba kuwotcha iye mwini ndi anthu ake, anakana.

Atachoka ku Germany anakhala miyezi yochepa ku Cambridge, pakati pa anthu amene ankamenyana nawo kale, ndipo anamwalira ndi matenda a mtima mu hotela ina ku Basel, m'dziko la Switzerland, pa 29 Januwale 1934. Likulu la kafukufuku limene ankatsogolera ku Berlin linapatsidwa dzina lake mu 1953 ndipo likudziwikabe ndi dzinalo, pamene madokotala a ku Germany olimbana ndi zida za nyukiliya anakhazikitsa mphoto m'dzina la Clara Immerwahr. Haber anasiya mawu akuti adzaikidwe pamodzi ndi Clara, ndipo mu 1937 mwana wawo uja, amene anapeza mayi ake m'munda, anasamutsa phulusa lawo kuchoka ku Berlin n'kukaliika m'manda amodzi ndi bambo ake ku Basel.